A Kampeni ndi Nkhumba Yakuda

Dzina lenileni la malume anga ndi ochepa amalidziwa. Aliyense amangoti a Kampeni, chifukwa moyo wawo wonse ntchito yawo inali yofula nkhumba, ndipo kampeni kawo sikankachoka m'thumba la jekete ngakhale popita kumaliro. Ankayenda pa njinga yopanda mabuleki, kumbuyo atamangirira chitini cha phulusa losakaniza ndi mchere lopaka pachilonda. Dzanja lawo linali lopepuka. Akamaliza kufula, ankadula timipata tiwiri kunsonga kwa khutu lakumanzere, kuti aliyense woona adziwe kuti apa panadutsa katswiri. Kudzitama kokha sankanyengerera.

Akazi awo ankaweta nkhumba zakuda, zazing'ono, zamlomo wautali ndi ubweya woimirira pamsana. Mbewu yake anachita kubwera nayo kuchokera kwa amayi awo pokwatiwa. Zinali zosusuka, zaliwiro, zokula mochedwa, koma dzuwa silinkaziwotcha ndipo zinkadya chilichonse, makoko ndi udzu womwe. Malume ankazinyoza kuti ndi makoswe ovala jekete. Akazi awo ankangoseka n'kumapitiriza kuthira madeya m'chomwera.

Kenako kunabwera nkhumba zoyera zikuluzikulu, zonenepa msanga, ndipo dera lonse linapenga nazo. Aliyense ankafuna mphongo yoyera pakhola pake. Kuti zakuda zisasokoneze mbewu yatsopanoyo, anthu ankaitana a Kampeni, ndipo iwo ankapalasa njinga mosangalala. Kamphongo kalikonse kakuda sikankapulumuka. Ngakhale za m'khola la akazi awo anazifula, tsiku lina mayiwo atapita kuchipatala. Pobwera mayiwo anayang'ana makutu aja, ndipo sabata yonse madzi osamba malume ankadzitenthetsera okha.

Mayiwo atamwalira, m'khola munatsala nkhumba yakuda imodzi, yaikazi. Tinkaganiza kuti aigulitsa. M'malo mwake tinaona munthu amene ankainyoza uja akuidulira udzu m'mamawa, akuikanda kuseri kwa khutu, akulankhula nayo ngati mnzake. Ine zinkandimvetsa chisoni, ngakhale ndinkawaseka kuti apeza mkazi wachiwiri.

Chaka china kunabwera mayi wina wofufuza za ziweto, atanyamula bokosi lozizira ndi timabotolo. Ankazungulira makola n'kumadula kachidutswa ka khutu la nkhumba, akuti m'kachidutswa koteroko mumawerengeka zonse zimene nyama imatengera kwa makolo ake. Malume anamugwirira nkhumba yawo, uku akudandaula kuti mwana wa masiku ano akudula khutu ngati akusenda mbatata.

Patapita miyezi mayi uja anabweranso. Anakhala pampando wopendekeka wa pakhonde n'kufotokoza kuti nkhumba zambiri za m'deralo tsopano zikufanana magazi ngati ana a bambo mmodzi, n'chifukwa chake ana a nkhumbazo akubadwa ofooka ndipo matenda akalowa amasesa khola lonse. Koma yakuda ija inali ndi zachibadwa zimene sanazipeze mwa ina iliyonse. Ikakwezedwa ndi yoyera, zambiri zidzasungunuka pang'onopang'ono. Panafunika mphongo yakuda, ndipo mwamsanga, chifukwa nkhumbayo inali itayamba kukalamba.

Malume anati, "Mayi a kunyumba kuno akanakhalapo, bwenzi lero ndilibe pobisa nkhope."

Kuyambira pamenepo njinga ija inayambanso kuyenda, koma chitini cha phulusa chinatsala pakhomo. Anafunsa kwa ogulitsa nyama, kwa onyamula nkhumba pamalole, kwa azimayi ogulitsa madeya. Wina ankawalozera kwa wina. Ankafika n'kupeza yamawangamawanga, kapena kupeza khola lopanda kanthu, mwini wake akuti mwachedwa, tinadya chaka chatha. Ankabwerako n'kupita kaye kukhola asanamwe ndi madzi omwe. Chimene ankafuna n'choti aone tiana takuda tikuthamangathamanga pabwalo monga kale, akazi awo akamatuluka ndi ndowa.

Tsiku lina wokonza njinga anawauza kuti kuseri kwa malo owotchera njerwa kuli bambo wina amene ali ndi mphongo yakuda bii. Ulendo umenewo ndinawaperekeza, chifukwa maso awo anali atayamba kuvuta. Njira yonse ankalankhula okhaokha: adzaibwereka bwanji, adzamanga kakhola kena pati, mwana woyamba adzapatsa ndani.

Tinaipeza itagona pamthunzi wa khoma. Inali yakuda ndithu, mlomo wautali, ubweya woimirira pamsana, ngati yatuluka m'khola la malemu dzulo lomwe. Malume anatsamira njinga pamtengo n'kuyandikira pang'onopang'ono, akuiitana ndi kamluzu kamene akazi awo ankaitanira. Nkhumbayo inadzutsa mutu n'kuimika makutu.

Ine ndinationa msanga timipata tija. Iwo anachita kuwerama pampanda, kutambasula dzanja n'kugwira khutu lakumanzere. Chala chawo chinaima kunsonga.

Mwini khola anatuluka akupukuta m'manja, atawazindikira. "Aa, ndi a Kampeni kodi? Imeneyitu ndi ntchito yanu. Munaifula ili kamwana, ndipo sinatupe n'komwe. Dzanja lanu lija palibe wofanana nalo, bambo."

Malume anathokoza mwaulemu, monga munthu amachitira akayamikiridwa. Pobwerera sanakwere njinga, anangoikankha.

Mayi wofufuza uja atamva, anawatonthoza kuti kachidutswa ka khutu kaja kasungidwa pamalo ozizira kwambiri, ndipo kakhala zaka zambiri osawonongeka. Malume anagwedeza mutu n'kufunsa ngati kachidutswako kamabereka. Mayiyo anati ayi, pakadali pano ayi.

Nkhumba ija ikadalipo, imvi zatulukira pamlomo. Nthawi yake yofuna mphongo ikafika, imalira n'kumakankha chitseko cha khola. Oyandikana nawo nyumba amawauza kuti angobwereka yoyera, nkhani ithe, koma iwo amayankha kuti adikire kaye, mwina kwinakwake kuli kamphongo kamodzi kamene kanawathawa. Amakhala pachitsa pafupi ndi khola n'kumakumbukira makomo onse amene anapitako, limodzi ndi limodzi, kufunafuna pamene mwina analakwitsa ntchito. Mpaka lero sanapapeze.