Funso limene ndinafunsa bambo anga pa msika wa thonje

Nditamaliza Fomu 4 ndinapeza ganyu yomasulira. Kunabwera anthu atatu a ku yunivesite amene ankafufuza za ufulu wa alimi pa malonda, ngati mlimi amagulitsa mbewu zake kumene akufuna ndiponso ngati malamulo amamuteteza. Chisena sankachimva, Chimang'anja chathu chinkawadutsa, ndiye ananditenga ine. Anandipatsa tisheti ndi mapepala a mafunso, ndipo ndinkayenda pa Ngabu ngati mwana wa bwana.

Mkulu wawo, mayi wa magalasi, dzuwa la kwathu linamukwana tsiku loyamba lomwe. Anati zoyenda m'midzi ayi, tikakhale pa msika wa thonje, alimi atipeza okha. Mthunzi pamsikapo unali umodzi, shedi ya kampani yogula, ndipo kalaliki wa pa sikelo anatibwereka benchi mokondwa. Kalalikiyu ndi amene ankapisa dzanja m'thonje la munthu n'kugamula kuti ndi loyera, la mtengo wabwino, kapena lakuda, lotchipa. Ine ndinkadziwa kuti munthu sungamufunse zotere pamenepo. Ndinatseka pakamwa poopa kuoneka wachimidzi pamaso pa anthu ophunzira, ndipo mpaka lero ndimadzikwiyira.

Alimi oyambirira anayankha mochenjera, maso ali kusikelo: zonse zili bwino. Ine n'kumachonga.

Kenako anatulukira bambo anga pa ngolo, atanyamula thonje lathu la chaka chonse. Mayi uja anati nawonso ndiwafunse.

"Baba, kodi muli ndi ufulu wogulitsa thonje lanu kumene mukufuna?"

Anandiyang'ana n'kuti, "Mwananga, ukufunsa ndiwe kapena pepalalo?"

"Ndine, baba."

"Basi sindingakunamize. Mbewu amatipatsa ndi awa, mankhwala ndi awa, sikelo ndi yawo, mtengo amatchula okha. Ufulu wake uti? Mbuzi ya pachingwe nayonso amati imasankha udzu."

Bambo anali ogontha khutu limodzi, choncho ankalankhula mokweza. Shedi yonse inamva. Mayi uja anasangalala kwabasi, akuti ndilembe mawu onse osasiyako, mayankho otere ndi amene ankawasowa.

Tikulongedza mapepala, thonje la bambo linafika pasikelo. Kalaliki sanapise n'komwe dzanja. Anangoti, "Lakuda ili, madala." Thonje limenelo tinalisankha milungu iwiri ndi amayi anga, kuchotsa kachitsotso kalikonse mpaka zala kuuma. Linali loyera ngati ufa. Bambo anayang'ana uku ndi uku, koma wogula wina panalibe, ndipo analipereka pa mtengo wa lakuda. Ndinauza mayi uja kuti aone zimene zikuchitika. Anandiyankha kuti wofufuza salowerera, ndipo tichedwa ku Nsanje. Ndinakwera galimoto, ine chitsiru.

Chaka chotsatira dzina la bambo silinapezeke pa mndandanda wa olandira mbewu ku kampani ija. M'munda wathu wa thonje anadzalamo mapira.

Patapita zaka ndinaliona lipoti la ofufuza aja. Mawu a mbuzi aja anali pa tsamba loyamba, m'Chingerezi, pansi pake atalemba kuti dzina la mlimiyu labisidwa pofuna kumuteteza. Kumuteteza kwa ndani? Anabisira anthu akutali amene sadziwa n'komwe kumene kuli Ngabu, pamene kalaliki anali pomwepo, ndipo benchi imene tinakhalira inali yake.

Bambo sanandidzudzulepo. Anangondifunsa kamodzi, tikupuntha mapira, ngati alendo anga aja anapeza chimene ankafuna. Ndinati anachipeza, baba.