Mbale Inabwera ndi Mchere

Inu owerenga, ine ndinathamangitsa munthu wodwala pakhomo panga chifukwa cha mchere wosadzaza n'dzanja lomwe. Ndikufuna mumve mmene zinayendera kuti nanu musadzatero.

Mkazi wanga anamwalira chaka chimene mtengo wa ufa unkangokwera. Tinkakhala ku Chawama, m'nyumba ya lendi. Kampani imene inandilemba ntchito nditamaliza koleji inali itatsekedwa, ndipo ufa tinkagula wa m'timapepala, umene kuno timati pamela. Mkazi wangayo anali wopemphera. Ine kutchalitchi ndinkangomuperekeza. Masana aliwonse ankatuluka ndi mbale yovundikira, ya maluwa ofiira. Ndikafunsa ankangoti ndi za kumpingo. Mumtima ndinkati a mpingowa akutidyera.

Pamaliro panadzaza anthu amene sindinkawadziwa, ena ofika nthawi ya chakudya yokha. Ketulo inasowa, nsapato za malemu nazo zinasowa. Ndinayamba kuyang'ana manja a anthu m'malo mwa nkhope zawo. Abale atabalalika, azakhali anga a ku Katete anatsalira. Anandichenjeza kuti mwamuna wofedwa salandira chakudya kapena mchere kwa mkazi wachilendo, pakuti ena amabwera ndi mankhwala kuti alowe m'nyumba. Ndinawayankha kuti ine zimenezo sindikhulupirira.

Tsiku lina masana panafika mayi wowonda, wotsokomola, milomo youma. Anagwada pakhomo atanyamula mbale ija ya maluwa ofiira.

"Pepani na malilo, ba neba. Nabweza mbale ya ba sisi."

Nditavundukula ndinapeza mchere wokulunga m'kapepala. Azakhali ananditsina pamkono.

"Waona? Ndi zimene ndimanena zija."

Inu owerenga, ndinakulira m'komboni, dera la anthu osauka m'tauni. Ndinkadziwa bwino kuti mbale imene yabwera ndi chakudya sibwezedwa yopanda kanthu. Koma tsikulo ndinangoona mkazi wachilendo ali ndi chiwiya cha m'nyumba mwanga. Sindinakweze mawu. Ndinakhuthulira mcherewo m'ngalande iye akuona, n'kumuuza kuti maliro anatha, pano palibe chakudya, asadzabwerenso. Anayang'ana m'ngalandemo, anati zikomo, n'kudzuka movutikira.

Patapita masabata, kunabwera bamake Dalitso, mtsogoleri wa azimayi a kumpingo amene amayendera odwala kudera lathu. Anati adzandithokoza chifukwa chopitiriza ntchito ya mkazi wanga. Ndinaganiza kuti ndi njira yoyambira kupempha, ndiye ndinawafunsa mouma kuti ntchito yanji.

Anandiyang'ana modabwa, kenako anafotokoza. Mayi aliyense pagulu lawo anatenga wodwala mmodzi womamugawira chakudya cha masana. Wa mkazi wanga anali Esinati, mayi uja ndinamuthamangitsa. Ankamwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amene ankamugwetsa akamwa m'mimba mulibe kanthu. Azimayiwo atamufunsa pambuyo pa maliro ngati akufuna munthu wina womuthandiza, iye anakana. Anawauza kuti amuna a malemu akumupatsabe chakudya. Sanafune kundichititsa manyazi pamaso pa mpingo wa mkazi wanga.

Tinapita limodzi kumene ankakhala, kuseri kwa msika. Tinapeza chitseko chili ndi loko. Eni nyumba anati Esinati anasiya mankhwala chifukwa cha njala, matenda anakula mpaka anamwalira, ndipo anali atamuika kale. Anawonjeza kuti mchere uja anachita kupempha kwa iwo, kuti mbale ya munthu amene ankamudyetsa isabwerere yopanda kanthu.

Sindinalire pamenepo. Ndinabwerera kunyumba n'kutsuka mbaleyo, ngakhale inali yoyera.

Sindikunena kuti akuba kulibe. Ketulo yanga sinapezeke mpaka lero. Koma ine ndinaweruza munthu ndisanamufunse ngakhale dzina. Ndinkayesa chikhristu cha mkazi wanga ndi nyimbo za Lamulungu, pamene chinkatuluka pakhomo masana aliwonse chitavundikiridwa, ine ndikuchiwerengera ngati chotayika.

Inu amene mwafedwa, funsani amene malemu wanu ankawathandiza, chifukwa amenewonso amakhala atafedwa, ndipo ambiri sadzakuuzani. Munthu akagwada pakhomo panu, mufunseni kaye musanamukayikire.

Masiku ano mbale ija ndimainyamula ndine, kupita nayo kwa bambo wina wodwala pafupi ndi msika. Nthawi zina imabwerera ndi mchere pang'ono. Ndimaulandira ndi manja awiri.