Mpata umene bambo anatsegula pa mzere wa vetiva

Ndikakumbukira a Sekuru Amidu, ndimamva fungo la mizu ya udzu wa vetiva wongozulidwa kumene, fungo limene linkawakanirira m'manja ngakhale atasamba kuti apite kumzikiti. Anali aneba athu ku Ruwa, nkhalamba yowonda, yolankhula mwapang'onopang'ono mpaka womvera kuyamba kuyasamula. Unyamata wawo wonse anauthera m'mapulazi a fodya ku Raffingora, akukhoma zikhomo zosonyeza modutsa milambala yotchinga madzi m'minda.

Ifenso tinachokera kupulazi. Bambo anabadwira m'komponi, ndipo ku Malawi, kumene makolo awo anachokera, sankadziwako ngakhale njira yake. Atalembedwa ntchito kufakitale anapeza kapuloti m'munsi mwa chitunda, pafupi ndi dambo, n'kumangapo zipinda ziwiri za njerwa zomangira dothi. Kwathu kunali komweko. Nyumbayo ikanagwa, tinalibe mudzi wothawirako.

Kumtunda kwa nyumba zathu ziwirizo a Sekuru anabzala mzere wa vetiva wothinana bwino. Vuto linali loti mzerewo sunkatsata malire. Unkakhota monga nthaka inapendekera, n'kulowa m'bwalo mwathu. Bambo ankafuna bwalo losesedwa mbee, kuti anthu asamati a m'komponi abwera ndi tchire lawo m'tauni. Anapirira mpaka tsiku limene amayi anapeza njoka itadzipinda patsinde pa udzuwo, pomwe mlongo wanga wakhanda ankakwawira. Madzulo ake bambo anatuluka ndi khasu.

"Baba Esinati, mvura sidziwa malire a puloti," anatero a Sekuru, akuwaitana bambo ndi dzina la mwana wawo woyamba. "Mukatsegula apa, yonse idzathamangira pomwepa."

"Kuno si kupurazi, Sekuru, ndipo inu si folomani wanga," anayankha bambo.

Anazula gawo lonse limene linali kwathu, n'kutiletsa kupondanso pakhomo pa nkhalambayo. Kenaka kunagwa chilala, ndipo bambo ankaoneka ngati olondola. Koma kumtunda anthu ankangomangabe, mitengo ikugwa, malata akuchuluka, tinjira tikuuma gwa.

Mvula inadzabwera Loweruka lina masana, bambo ali kuntchito. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Inayamba ndi chimphepo, kenaka inakhuthuka mwakuti amayi akalankhula ndinkangoona milomo ikugwedera. Nditasuzumira pawindo ndinaona madzi ofiira akutsika chitunda chonse. Akafika pa vetiva wa a Sekuru ankaima, n'kuyamba kuyenda cham'mbali kufunafuna polowera, ndipo polowera pake panali pamodzi pokha. Onse ankapanikizana pampata wa bambo, n'kudzamenya khoma lathu lakumbuyo.

Amayi anagwira khomalo ndi chikhatho, n'kundionetsa. Dzanja linali matope okhaokha. Dothi lomangira njerwa linali likusungunuka, ndipo pakona panayamba mng'alu umene unkakwera tikuuona. Amayi anabereka mwana, n'kuima pakhomo osadziwa choti ayambe kutulutsa.

"Ndikawaitane a Sekuru?" ndinafunsa.

"Bambo ako anati chiyani?" Anayang'ananso mng'alu uja. "Mhanya! Thamanga!"

Ndinawapeza ali kale panja, atafunda chisaka, khasu lili m'manja. Ankangodikira kuti wa kwathu awaitane, chifukwa pabwalo la mwini sukumba usanauzidwe. Anagwetsa nthochi zawo ziwiri, imodzi ili ndi mkoko, ndipo tinakoka mathunthuwo ndi amayi n'kuwapingasa pampata. Madzi anakankha thunthu loyamba ngati kamtengo. A Sekuru analowa m'madziwo mpaka m'maondo, analiponda ndi phazi, n'kundiuza kuti ndikhalepo. Ndinakhalapo, madzi akundimenya kumsana.

Kenaka anapita pa mzere wawo umene anaulera zaka zonsezo, n'kuyamba kuugumula. Ankazula zitsa za vetiva ndi dothi lake lomwe, amayi n'kumazitsendera kuseri kwa nthochi zija.

"Sekuru, nanga kwanuko?" anakuwa amayi. "Madzi alowera kwanu!"

"Kwangu kuli nkhalamba imodzi. Tsenderani, Mai Esinati!"

Madzi anatembenukadi. Anadutsa pomwe anagumulapo, anakokolola dimba lawo, n'kukagwetsa kakhitchini kawo ka mitengo ndi dothi. Ndinaona mapoto akuyandama kulowera kudambo, eni ake osacheuka n'komwe. Kukhoma kwathu madzi anayamba kuphwa, ndipo mng'alu unalekera pansi pa windo.

Bambo anafika dzuwa litapendeka, atanyowa, nsapato zili m'manja. Anazungulira nyumba, anaona mng'alu, anaona nthochi, kenaka anaima nthawi yaitali akuyang'ana pomwe panali khitchini ya aneba. Ine ndinkadikira mbama chifukwa chophwanya lamulo lawo. Sanandiyang'ane n'komwe. Mawu oti pepani bambo sankawatha, ndipo tsikulo sanawathenso. M'mawa mwake, m'malo mopita kutchalitchi, anatenga khasu n'kukaima pamalire.

"Sekuru, mzere uja udutse pati?"

A Sekuru analoza pakati penipeni pa bwalo lathu, mkati kuposa kale, ndipo bambo anakumba osatsutsa. Khitchini anawamangira ya njerwa zootcha. Chifuwa chimene a Sekuru anachitenga m'madzi muja sichinawasiyenso, ndipo anamwalira patapita mvula ziwiri. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndine ndinakawaitana, ngakhale ndikudziwa kuti mapeto ake akanabwerabe.

Pano ndili ndi nyumba yanga, pamtunda. Mvula ikayamba anzanga amathamangira kuanula zovala, koma ine ndimatuluka ndi ambulera, n'kutsatira madzi ochoka padenga langa mpaka ndione pakhomo pa yani akukathera.