Mapulagi Anayi a Mlamu Wanga

Ndine makaniko. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5. Ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina kumtunda kwa Malomo, ndipo galaja yanga inali pa malo a kwawo kwa mkazi wanga, m'mbali mwa msewu, pansi pa mtengo wa mango. Malowo anandipatsa ndi mlamu wanga, mlongo wamkulu wa mkazi wanga, mwini mbumba. Anangoloza ndi chala. Pepala panalibe. Zaka makumi awiri ndinagona pansi pa magalimoto pamenepo, ndikudziwa kuti chala chomwecho chikhoza kudzandilozera kunjira.

Mpikisano wa magalimoto anauyambitsa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Mwana wake wa ku Joni anamutumizira foni yaikulu, ndipo m'menemo anaona azungu akuthamangitsa timagalimoto taphwatalala ngati nsikidzi. Basi, munthu wamkulu mutu unazungulira. Anati nafenso tichite. Madalaivala a matola sanavute. Amenewo amapikisana kale tsiku lililonse polimbirana anthu opita ku Mponela, kungoti palibe amawapatsa mbuzi. Mphunzitsi anaikapo mbuzi.

Njira inali ya fumbi, yopita ku esiteti ina imene inatsekedwa: kuchoka pa bwalo la mpira, kutsetsereka mpaka pa mlatho, kukwera chitunda cha kuchigayo, kuzungulira mtengo wa kachere, n'kubwerera. Mpikisanowu tinkauchita fodya akatha kugulitsidwa, nthawi imene m'matanki mumakhala modzaza ndipo m'mitu mumakhala mopepuka.

Chaka choyamba lamulo panalibe. Lole, mapikapu, njinga zamoto, zonse pamodzi. Anapambana wa lole, chifukwa ndiye anayamba kulowa pa mlatho ndipo panalibe pomudutsira. Chaka chotsatira mphunzitsi anabwera ndi kope. Anatikhazika pansi ngati ana n'kutiuza mbiri. Akuti azungu nawonso anayamba chisawawa. Kenako azunguwo anagawa magalimoto m'magulu, nthawi ina poyeza kulemera, nthawi ina kukula kwa injini, nthawi ina mpaka kumuyezera munthu mafuta. Akuti lamulo lililonse likabadwa, wolizembera amabadwa tsiku lomwelo. Mfundo yomalizayi ndi yokhayo imene anthu anapita nayo kunyumba.

Mphunzitsi anayesa za kulemera. Sikelo imene inalipo inali ya mavenda a chimanga, ija imanama ndi pa thumba limodzi lomwe. Anayesa kupanga gulu la magalimoto amene ali monga anachokera ku fakitale. Tinaseka. Kuno kulibe yotero. Pikapu yoyenda m'mapiri ano imakhala ndi giyabokosi ya mtundu wina, zitseko za galimoto imene inafa kale, ndi waya wa mpanda pa ekizozi. Ambiri mwa magalimoto amenewa ndinawasoka ndine.

Mapeto ake anati tiziwerenga mapulagi. Anayi, gulu laling'ono. Sikisi, gulu lalikulu. Gulu lililonse mbuzi yake. Wina wa dizilo anaimirira n'kunena kuti yake ilibe pulagi ngakhale imodzi, choncho azipikisana ndi a kabaza. Anthu a ndevu anakangana zimenezo masana onse. Kope linadzaza. Lamulo lina linkati galimoto ikayenderedwa, boneti imangidwe ndi chingwe, ndipo womasula mpikisano usanathe watuluka. Limeneli akuti ndi lachizungu lenileni. Anasankha ine kuti ndikhale woyendera magalimoto.

Vuto linali pikapu ya mlamu. Pa mapepala ndi ya mapulagi anayi. Koma injini yake inafa kalekale, ndipo ndinamuikira ya sikisi imene tinakaizula m'galimoto yogubuduzika cha ku Mvera. Ndinadula, ndinawotcherera, ladiyeta ndinaikankhira kutsogolo. Inalowa. Inali ntchito yabwino. Ndikunena ndekha popeza iye sananenepo.

Kutatsala tsiku limodzi anafika ku galaja masana. Mpando anaukana.

"Alamu, mawa mukawerenge anayi."

"Alipo sikisi."

"Ndati anayi. Awiri akumbuyowo muwaphimbe ndi kachitsulo."

"Chifukwa cha mbuzi imodzi, alamu? Si muli nazo khola lonse?"

"Ku gulu lalikulu kuli wa chigayo ndi chigalimoto chake champhamvu chija. Mukufuna mudzi wonse ukandiseke?"

Anayang'ana mtengo wa mango, anayang'ana mulu wanga wa zitsulo, kenako nsapato zake.

"Pamalo pano mwakhalitsapo, eti?"

Anangonena zomwezo. Mkamwini asamakule mwendo, amatero akuluakulu. Ndinadula chitsulo, ndinaphimba mapulagi awiri, ndinapaka girisi ndi fumbi kuti chioneke chakale. Iye anagwedeza mutu ngati munthu wodziwa ntchito, n'kuliza injini kubwerera kwawo.

Sindine woyera. Ndinamatapo ladiyeta ndi sopo kuti galimoto igulidwe. Koma anthu amene ankadzaima pa bwalo paja ndi omwe amandisiyira makiyi. Ndikawauza kuti pisitoni yatha, amakhulupirira osaiona. Ndipo theka la iwo anali ataimva injiniyo ikukwera zitunda ndi mabelo a fodya osasintha giya. Ndikananama pa chinthu choti munthu angawerenge ndi zala, ndani akanandikhulupiriranso pa za m'kati?

M'mawa mwake magalimoto anandandalika pa bwalo. Mphunzitsi anavala jekete, kope kukhwapa, wenzulo m'khosi. Ine ndinkatsegula boneti, kuwerenga mokweza, iye n'kulemba, n'kumanga chingwe. Titafika pa ya mlamu ndinalowetsa mkono pansi pa chitsulo chija ngati ndikufufuza. Ndinazula mawaya a mapulagi awiri aja n'kuwapinda pambali.

"Angati, amisiri?" anafunsa mphunzitsi.

"Anayi."

Kumbuyo wina anatsokomola dala. Mphunzitsi analemba, anatseka boneti, anamanga mfundo ziwiri. Mlamu anandimwetulira. Pa zaka makumi awiri kanali koyamba.

Atailiza, pikapu inanjenjemera ngati nkhuku ya chitopa. Ku ekizozi kunatuluka fungo la petulo wosapsa. Anatulutsa mutu pa windo.

"Alamu, ikutsokomola bwanji?"

"Za mapulagi anayi zimalira choncho."

"Tatsegulani tione."

Mphunzitsi anakweza kope. "Lamulo, bambo. Mukamasula chingwe mwatuluka. Ngati mukudandaula, titsegula pamaso pa komiti, tiwerengenso tonse bwinobwino."

Mlamu anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anabweza mutu m'kati.

Potsetsereka anayenda bwino. Ngakhale wilibala imatsetsereka. Mlatho anawoloka wachitatu. Pa chitunda ndi pamene zinavuta. Injini ija ndi yolemera, ndipo awiri akagona, anayi otsalawo amanyamula ndi anzawo omwe. Anaika giya thu, anaika wani, inazima. Anailiza, inakwawa pang'ono, inazimanso. Ine sindinaone, ndinali ku bwalo. Anandiuza ndi amayi amene ankakwera ku chigayo ndi matumba pamutu. Anamupitirira wapansi. Mmodzi akuti anamufunsa kuti, "Tikukankheni, achimwene, kapena titsogole tikanene kuti mukubwera?" Pa kachere sanafike. Mbuzi anatenga wa butchala, ndi kapikapu kopanda chitseko chimodzi.

Madzulo dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale kunyumba. Mlamu anamasula chingwe yekha pa chitunda pomwepo n'kupeza mawaya ali lende.

Mkazi wanga ankasankha nyemba. Sanadzutse mutu.

"Inu abambo, mukanangonena kuti anayi, pakamwa pakanatupa?"

"Ndinanena kuti anayi."

"Musandiyankhe ngati ndine komiti. Achimwene mukuwadziwa."

"Ndikuwadziwa. Injini yawonso ndikuidziwa."

Anatembenukira kumbali. Mapewa ankagwedezeka. Mpaka lero amakana kuti ankaseka.

Patapita sabata mbumba inasonkhana. Za mpikisano palibe anatchula. Mlamu anati banja lakula, minda yachepa, ndipo malo a m'mbali mwa msewu aja akufuna adzalepo fodya. Mkazi wanga analankhula, analankhula ndithu, mpaka azakhali ake anamukoka chitenje. Sizinathandize. Ine ndinakhala pa njerwa kumapeto. Mkamwini pa nkhani ya malo amangokhala ngati chitsa. Anandipatsa mwezi umodzi.

Zitsulo ndinasamutsa pa ngolo, maulendo asanu ndi awiri. Pano ndimagwirira kuseri kwa sitolo ina pa Malomo. Mthunzi palibe. Ndimapalasa njinga m'mawa uliwonse, pa msinkhu uno, ndipo bondo limandikumbutsa. Makiyi anthu akundisiyirabe.

Mphunzitsi atamva zonse, anawonjezera lamulo: woyendera asakhale wachibale wa dalaivala aliyense, kaya mwa magazi kaya mwa ukwati. Anafufuza kuyambira Malomo mpaka Mponela. Munthu wotero sanapezeke. Mpikisano unathera pomwepo, kope lili ndi malamulo ambiri kuposa magalimoto.

Mlamu anadula mtengo wa mango uja, anagalauza malo aja, anathira feteleza, anawokera fodya. Sanandifunse. Ndikanamuuza kuti zaka makumi awiri oyilo wakuda wa magalimoto onse a dera lino ndinkakhuthulira pansi pomwepo. Mbande zinachita chikasu n'kufa. Chaka chotsatira anayesa chimanga. Pano pali dothi lokhalokha, ngakhale chisoso sichimera.