Dzanja lakuda ndi malasha

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, pamene aphunzitsi athu a zamasewera anakonza mpikisano wa njinga. Wopambana amayenera kupita ku Mzuzu kukapikisana ndi anyamata a maboma ena. Tonse tinkadziwa kuti apita ndi Lusekelo, mnzanga wokhala naye desiki imodzi, amene ankapalasa kuchokera ku Uraha m'mawa uliwonse pa njinga ya bambo ake yopanda mabuleki akutsogolo.

Lamulo linali losavuta. Timayenera kupalasa mumsewu wa tala mpaka pamlatho, kulandira chitsekerero cha botolo ngati umboni woti tafikadi, n'kubwerera kusukulu. Wopereka zitsekererozo anali Tumpale, mtsikana wa m'kalasi mwathu wosakonda zolankhulalankhula.

Tsiku la mpikisano, titafika pachitunda china, Lusekelo anali patali kutsogolo, ine mpweya ukundithera. Kenako panatulukira lole ya malasha, ikukwera mwapang'onopang'ono, utsi uli tolo. Anyamata tonse tinazolowera kugwira malole tikamapita kumsika, choncho dzanja langa silinadikire kufunsa mtima. Ndinagwira chitsulo chakumbuyo, mbali ya kumanja, ndipo loleyo inandidutsitsa Lusekelo itandibisa.

Nditafika pamlatho ndinatambasula dzanja. Linali bii. Tumpale analiyang'ana, nayang'ana lole ikuzimirira, kenako anaika chitsekerero m'chikhatho changa.

Ndinapambana. Lusekelo anandikumbatira thukuta lili kamukamu.

"Iwe, wadya chiyani lero?" anatero akuseka. "Mawa undigawireko."

Ku Mzuzu ndinakhala womaliza. Chaka chotsatira Lusekelo anasiya sukulu n'kupita kukawedza ku Sangilo. Sindinganene kuti ulendo wa ku Mzuzu ukanasintha moyo wake. Zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Koma ulendowo unali wake.

Tumpale anadzakhala mkazi wanga. Nkhaniyi anaitchula kamodzi kokha, mwana wathu woyamba, Gwamaka, atabadwa. Ankachapa matewera, osandiyang'ana.

"Bambo a Gwamaka, mnzanu uja mudzamuuza liti?"

"Ndi zachibwana zija," ndinayankha. "Iyenso anaiwala."

"Angaiwale bwanji chimene sakuchidziwa?"

Sanabwerezenso. Ine ndinatenga kukhala chete kwake ngati chikhululuko, ndipo tinakhala bwino zaka zambiri mpaka Ambuye atamuitana.

Posachedwapa, titatuluka m'tchalitchi, azibambo ankakambirana zimene anamva pawailesi, za katswiri wina wa njinga wa kunja amene analandidwa mendulo chifukwa chomwa mankhwala owonjezera mphamvu. Anamutcha mbava yopanda manyazi. Atandifunsa maganizo anga, ndinangoti mwina nayenso anayamba tsiku limodzi pachitunda, mpweya utamuthera. Anaseka, poganiza kuti ndi chifundo cha ukalamba.

Masiku ano ndimamusowa Tumpale m'zinthu zambiri, koma makamaka m'ichi: anali munthu yekhayo amene ankandidziwa ndense, komabe n'kumandiikira madzi kubafa. Ndazindikira mochedwa kuti sanali atandikhululukira m'malo mwa Lusekelo, pakuti chikhululukocho sichinali chake choti apereke. Ankandidikira.

Lusekelo adakali moyo. Maso ayamba kumuvuta, ndipo amakhala pakhonde kusoka maukonde a adzukulu ake mongopapasa. Mboni yanga inagona, palibenso wondikumbutsa. Loweruka ndikwera minibasi ya ku Sangilo.