Abwana Atuluka

Dzina lenileni la Mayi Halo linatayika kalekale pa shopu ya telala. Ntchito yawo inali kuyankha foni pa katebulo ka pakhomo, pakati pa mipukutu ya nsalu ndi chidole chopanda mutu choyesera madiresi. Mawu anali nawo okoma, koma anali ndi chilema chimodzi chimene abwana ankadandaula nacho: bodza silinkatuluka m'kamwa mwawo. Sikuti anali opemphera kwambiri ayi, tchalitchi ankachionera patali. Iwo ankangoti, "Lilime ntchito yake n'kuti mnzako adziwe zimene iwe ukudziwa. Mwana wamng'ono ukamunamiza amalira. Anamuphunzitsa ndani?"

Nanga telala wake ndi uti amene sathawa makasitomala? Awiriwa anapangana nzeru. Foni ikalira, abwana ankathamangira kukhonde la kuseri, tepi ili m'khosi, ndipo Mayi Halo ankayankha mtima uli m'malo: "Pepani, abwana atuluka." Anatulukadi! Kaya mvula kaya dzuwa, bambo wamkulu ndi ndevu zake ankaima pafupi ndi mabini kudikira kuti foni ithe.

Tsiku lina Lachinayi anaimba mtsikana amene ukwati wake unali Loweruka. Nsalu yake yoyera inali ikadali m'pepala, sizasi isanaikhudze n'komwe. Abwana ananong'oneza pawindo: "Muuzeni kuti diresi latha, tikungosita. Mukapanda kutero, ntchito yatha lero."

Tisaname, Mayi Halo anachita mantha. Kunyumba kunali ana ndi bambo awo odwala msana. Koma m'fonimo mtsikanayo ankaseka mwachimwemwe, ndipo kusekako kunawapweteka mtima.

"Mwana wanga, diresi lako sanalidule. Bwera udzatenge nsalu yako nthawi ikadalipo."

"Nyamulani chikwama chanu!" anakalipa abwana akulowa.

Ananyamuladi, misozi ili lengelenge. Asanafike pachitseko, foni inaliranso. Abwana anayang'ana kukhonde, anayang'ana foni, kenako anainyamula okha.

"Halo, pepani, abwana atu..."

"Ndinu nomwe! Suti yanga ili kuti?" anakuwa munthu kumbali inayo.

Abwana anatseka foniyo ndi chikhatho, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, ikani kaye chikwamacho pansi. Ndimuuze chiyani ameneyu?"

Mayi Halo anapukuta m'maso, chikwama chikadali m'khwapa.

"Yambani ndi kumuuza kuti mulipo, bwana."