Geji ya mpweya ndinaimanga kumsana kuopa kuikanda

Ndivomere poyera kuti cholakwa chinali changa. Zida zinali zatsopano, zopanda vuto, ndipo wondichenjeza analipo. Ine ndi manja angawa ndinatenga geji ya mpweya n'kuimanga kumsana, kumene diso silifika, chifukwa choopa kuti galasi lake lingakandike. Inu owerenga mwina museka, nanenso masiku ano ndimaseka, koma tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kusiya mkazi ndi ana awiri.

Kwathu ndi ku Mangochi. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito yolowa pansi pa madzi kukagwira tinsomba tamawangamawanga tija amatumiza kunja. Tinkapumira paipi yaitali yochokera pa kompuresa, injini yopopa mpweya ya m'boti. Paipiyo inkadutsa kumsana, kutsogolo kopanda cholendewera chilichonse, ndipo injini ikamalira mpweya sunkatha. Anandiphunzitsa ntchitoyo ndi malume anga, Che Saidi, amene paunyamata wawo ankaperekezanso alendo pansi pa madzi ndi mathanki obereka kumsana. Ntchito ya nsomba itatha tonse tinabwera ku Lilongwe. Iwo ndi telala pakhonde la sitolo ku Nsungwi, ine ndimakonza mapampu a madzi.

Chaka chatha mng'ono wanga wa ku Joni ananditumizira zida zonse zolowera m'madzi. Anati m'madamu a m'minda yozungulira mzindawu ntchito ilipo, ndipo sananame. Munali thanki, jekete lake, magalasi, ndi mapaipi anayi otuluka pamutu pa thankiyo. Ina ndi yopumira, ina yachikasu ndi yapadera yopumira yoyamba ija ikakanika, ina imapopa jekete, ndipo yomaliza ili ndi geji, kawotchi kosonyeza mpweya wotsala. Thankiyo ndinakadzazitsa kunyanja ku Salima, ndinabwera nayo pa minibasi nditaifungatira ngati khanda.

Amene mumakhala m'makomboni muno mukudziwa matenda athu. Sofa yatsopano imatha zaka ili m'pulasitiki, foni sitiichotsa kapepala kapagalasi mpaka kadzasupuke kokha. Ine matendawo anandigwira kwambiri. Gejiyo ndinaikulunga m'jumbo, yopumira yachikasu ija chimodzimodzi. Kenako ndinasonkhanitsa mapaipi onse amene ndinkawaona ngati osafunika, n'kuwapinda kumbuyo kwa thanki, n'kuwamanga ndi malegeni monga timamangira thumba la makala panjinga. Kutsogolo kunangotsala paipi imodzi yopumira, monga ndinazolowerera kwathu. Ndinadziyang'ana pagalasi la mkazi wanga n'kudziyamikira kuti ndine munthu waukhondo.

China chimene ndinachita n'chochititsa manyazi. Sabata yonse anzanga apaloko ankabwera kudzaona, aliyense kufuna kupumako ndi kudina kabatani kamene kamatulutsa mpweya kuti fwaa. Ine ndinkawalola, ndikusangalala ndi kutchuka. Mpweya unkapita, geji ili m'jumbo kumbuyo.

Malume atabwera kudzaona zidazo anazizungulira kawiri. Kenako anafunsa, "Iwe, geji ili kuti?"

"Ndaisunga bwino kumbuyoku, Amalume, ingakandike."

"Nanga ukakhala pansi uziifunsa bwanji? Pa foni? Masula zimenezi. Geji imakhala pachifuwa, yachikasuyi pansi pa chibwano pomwe dzanja lifika. Iyi si kompuresa mwanawe, iyi imatha."

Ndinayankha kuti ndamva, ndikonza. Mumtima ndinkati tsobola wakale sawawa, madalawa analowa m'madzi kalekale zida zisanasinthe. Sindinamasule kanthu.

Ntchito yoyamba inachokera kwa mayi wina wa dimba la kabichi cha ku Tsabango. Pampu yawo inagwera m'dziwe lakuya pomwe kale ankaswapo miyala, ndipo mbewu zinayamba kufota. M'mawa wa tsikulo ndinapeza malume ali kale pa siteji, atatseka makina awo osokera, m'manja muli chingwe chachitali cha nayiloni. Titafika padziwepo anaona malegeni aja ali momwemo. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali n'kunena kuti ndi ntchito ya mphindi khumi basi. Anthu anali atadzaza kudzaonerera, ndipo malume sanafune kundinyazitsa pagulu. Anangoti chingwe chokha ndisakane, ndipo anandimanga nacho m'chiuno. Ndinalola monyinyirika, ndikuona ngati akundiyesa mbuzi.

Madzi a m'dziwe si a m'nyanja ayi. Nditangotsika pang'ono kunada, ndinkangoona dzanja langa ndikalifikitsa pamphuno. Pampuyo ndinaipeza pofufuza ndi manja, itakodwa m'mawaya akale a mpanda amene wina anatayamo. Ndinayamba kulimbana nawo, kukoka, kupinda, ndikupuma mwamphamvu monga munthu wolima. Nthawi sindinaiwerenge. Thupi langa linkadziwa zakale zokha, zoti mpweya umabwera basi.

Kenako mpweya unayamba kulimba. Ndinkakoka koma unkabwera pang'ono, ngati mpopi madzi akamatha. Ndinaponya dzanja kumbuyo kufuna geji, zala zinangokhudza mphira. Ndinakokanso mpweya kawiri, kachitatu kunalibe kanthu. Ndinadzikankha kuti ndikwere, koma china chinandigwira kumsana. Mapaipi ndinapinda aja anali atakodwa mu waya, pamalo pomwe dzanja langa silikanafika ngakhale nditalithyola.

Abale anga, mantha ngati amenewo sindinawamvepo. Chifuwa chinkapsa. Ndinaganiza za mwana wanga wamkazi amene m'mawawo anandipempha kuti ndimubweretsere nsomba, ndipo ndinadziwa kuti ndikufa chifukwa cha uchitsiru wanga.

Pamenepo chingwe chinandikoka m'chiuno mwamphamvu zedi. Chinakokanso, malegeni anaduka, ndipo ndinamva ndikukwera. Zotsatira ndinachita kuuzidwa. Anthu onse ankacheza kudikira pampu, koma malume maso awo anali pa thovu lotuluka pamadzi. Ataona kuti thovu lachepa kenako lasiya, anakoka, chingwe n'kukana. Anakuwa, ndipo mayi adimba aja ndi amayi ena atatu amene ankapalira anataya makasu n'kugwira chingwe pambuyo pawo. Anandivuula ndili lefu, magazi akutuluka m'mphuno ndi m'khutu. Manja a malume, manja osokera aja, chingwe chinawasupula khungu mpaka anatha milungu iwiri osagwira makina.

Kuchipatala ndinagonako masiku atatu. Malume ankabwera tsiku lililonse, manja ali m'mabandeji, ndipo ndinkadikira kuti anene kuti ndinakuuza. Sananene. Tsiku lotuluka ndinawagwadira kupepesa, iwo n'kundidzutsa. Anati, "Nanenso ndinalakwa. Ndinaona malegeni aja koma ndinaopa kukuchititsa manyazi. Mlongo wanga ndikanakamuuza kuti chiyani?" Ndinalira ngati mwana pakhomo pa chipatala, anthu akuona.

Manja atapola anandisokera tizingwe tiwiri pajekete, kena kogwira geji pachifuwa, kena kogwira yopumira yachikasu, tomasuka ndi dzanja limodzi. Ananditumanso kunyanja kukaphunzira bwinobwino kagwiritsidwe ntchito ka zidazi kwa aphunzitsi ake, ndipo ndinakhala pansi ngati wa sitandade wani. Mayi adimba aja mpaka lero amanditumizira kabichi, pomwe woyenera kupereka mphatso ndine. Mulungu awadalitse amayi amenewo ndi anzawo amene anandikoka osandidziwa ndi dzina lomwe.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene mwayamba kupeza zida zotere, ndikupemphani. Chotsani mapulasitiki onse tsiku loyamba. Paipi iliyonse ikhale pafupi ndi thupi, yosalendewera, komanso pomwe dzanja lanu lifika mutatsinzina. Geji muziiona musanalowe, ndipo muziionabe muli pansi. Zimene munazolowera pa chida china musazitengere pa chida chatsopano. Musalowe nokha popanda munthu wokuyang'anirani, ndipo amene mwaima kumtundanu, mukaona cholakwika yankhulani ngakhale pali anthu. Manyazi amatha.

Khutu langa lakumanzere silinamvenso, madokotala anati lidzakhala choncho. Mkazi wanga akafuna kundiuza kanthu amazungulira kudzaima kumanja kwanga, nthawi zina akudandaula kuti ndamutopetsa. Ine ndimangomuyang'ana akuzungulira, n'kuthokoza Mulungu kuti mwamuna woti azimuzungulira akadalipo.